Pomwe Amayi Ankagwira

Jawa ya abambo, njinga yawo yamoto, inakhala chiphwasulire zaka zinayi mu garaje yathu ku Matundo. Ndikuti garaje chifukwa ndi momwe eni ake ankaitchulira. Ndi kachipinda ka malata kopanda zenera, ndipo galimoto sinalowemo chiyambire.

Matenda a shuga atayamba kuwadya maso, abambo anga a Fabião anayala mphasa zitatu pansi. Chilichonse chomwe achotsa pa mota ankachiika pamphasa motsatana: choyamba kuchoka chinkakhala pafupi ndi khomo, chomaliza kukhoma. Pobwezera ankati adzayambira kukhoma, n'kumabwerera kukhomo. Sankalemba kanthu. Ankalowamo opanda nsapato, chala cha kuphazi n'kumafufuza m'mphepete mwa mphasa. M'nyumba mwathu munthu akanatha kuswa mbale zonse osakalipiridwa, koma kusuntha kaparafuzo, kabawuti kamodzi kokha, pamphasazo unali mlandu.

Ine ndinabwera kuchokera ku Beira ndi digiri ya za migodi. Ndinatumiza makalata ku makampani a malasha, ndipo makampaniwo anandipatsa mpata wokwanira wokhala pakhomo. Ntchito yanga inali yopatsira zida.

"A Injinyera, tandipatsireni sipanala ya nambala treze."

"Iyi, Ababa?"

"Iyo ndi doze. Zaka zisanu kusukulu zija munkawerenga chiyani?"

Amayi, a Marcelina, ankagulitsa mbatata ya kachewere ya ku Angónia pamsika. Mota ankaitcha mkazi mnzawo. Akabwera madzulo ankasuzumira pakhomo la garaje n'kufunsa, "Mkazi mnzanga wadzuka bwanji lero?"

"Akupezako bwino. Khirisimasi ino ndikuwolotsani naye pa buriji."

"Mtsinje umenewo ndidzawoloka ndili m'bokosi, a Fabião, inu mukadapukuta mabawuti."

Amayi anagwa pamsika Lachiwiri la mwezi wa Outubro, akuyeza mbatata. Pofika kuchipatala anali atatisiya. Manda ali kutsidya kwa Zambezi, ndipo anawolokadi monga ananenera.

Amayi aakulu a Luzia, akulu awo a amayi, anafika kuchokera ku Ulónguè ndi azimayi odzaza minibasi, ija timati chapa. Nyumba yathu ndi ya zipinda ziwiri. Anatsegula garaje, nayang'ana mphasa zija.

"Zitsulo izi zichoke. Anthu agona pati?"

Abambo anali panja ndi azibambo anzawo pansi pa mtengo wa masawu. Ine ndinali pomwepo, ndipo ndinkadziwa tanthauzo la mphasazo kuposa wina aliyense. Sindinawaletse. Mutu wanga unali ku nsapato za amayi zomwe zinali zikadali pakhomo. Ntchito ya zaka zinayi inalowa m'mabeseni atatu mofulumira kuposa kuphika tiyi.

Titaika maliro, linafika tsiku losesa. Kwathu nyumba ya maliro imasesedwa yonse, ziwiya zimatsukidwa, zinyalala zimatenthedwa. Amayi aakulu anandikankhira mabeseni aja.

"Nércia, tsuka izi. Bambo ako saona, ndiye asamakhale ndi litsiro ngati alibe mwana."

Ndinatsuka ndi sopo ndi mchenga. Kumbuyo kwa chitseko anapezanso chitsulo chopindika ngati chogwirira ndowa, chija wokwera kumbuyo amagwira. Mbali imodzi chinali chokulungidwa ndi chisanza chakuda, cholimba ngati chikopa chouma. Sopo anakana. Ndinatenga mpeni, ndinachidula, ndinachiponya pamoto wa zinyalala. Chitsulocho ndinachikwecha mpaka chinawala. Ndikukumbuka kuti ndinakondwera nacho. Chinali chinthu chokha chomwe chinandiyendera bwino sabata imeneyo.

Alendo atapita, abambo anavula nsapato n'kulowa mu garaje. Chala chinafufuza mphasa, chinapeza simenti. Anaponda kachiwiri. Anayenda mpaka kukagunda khoma ndi dzanja.

"Asesa bwino," anatero.

Ndinayamba kupepesa, koma anandidula.

"Misa ya amako ya masiku makumi atatu ili liti?"

"Kwatsala masiku vinte e dois, masabata atatu ndi tsiku limodzi."

"Tsiku limenelo tipita kumanda pa Jawa. Uyendetsa ndiwe. Bweretsa beseni loyamba."

Tinayamba m'mawa uliwonse dzuwa lisanakwiye. Ndinkatola chitsulo chimodzi, n'kuwaika m'manja. Ankachitembenuza, kuchikanda ndi chikhadabo, nthawi zina kuchinunkhiza, kenako n'kunena kwawo. Ena mwa maparafuzo anali ofanana ngati mapasa, kusiyana utali wa njere ya mpunga. Awo ankawayeza pa chala chawo chaching'ono. Pa foni ndinapeza zojambula za injini yake, mawu ake a chilankhulo chomwe sindichidziwa. Ndikawafotokozera chojambulacho ankamvetsera mwaulemu.

"Amene anajambulayo anayendapo msewu wa ku Tsangano nthawi ya mvula?"

"Sindikudziwa, Ababa."

"Ndiye ika mmene ndakuuzira."

Kawiri tinatseka injini n'kupeza kachitsulo katsalira m'beseni, ndipo kawiri tinatsegulanso. Zikhadabo zanga zinada. Za amayi sitinkakamba. Madzulo, nthawi yomwe ankasuzumira pakhomo ija, abambo ankasiya kulankhula n'kumapukuta sipanala imodzi yomweyo mpaka mdima.

Kutatsala masiku asanu ndi anayi, tikumanga mpando, anati, "Chitsulo chakumbuyo chija usachitsuke. Sichinali pamphasa, ndinachibisa kuseri kwa chitseko. Chilipo?"

"Chilipo."

"Ndi kansalu kake?"

Ndinali nditagwira treze. Ndinaiyang'ana ngati ingandiyankhire.

Iwo sanadikire yankho. Anati chaka cha oitenta e seis, 1986, nkhondo itafika ku Dómuè, anathawa pa Jawa yomweyi kupita ku Dedza, amayi ali kumbuyo ndi kamtolo pamiyendo. Anali atangokwatirana. Amayi anakana kuwagwira m'chiuno. Anthu akuthawa mfuti, iwo n'kumati anthu angati chiyani. Anagwira chitsulo, koma dzuwa linali litachitentha. Ataima pa chitsime china, anang'amba m'mphepete mwa kapulana, nsalu yomwe anavala pa ukwati, nakulunga pogwirapo. Ku Malawi zaka zisanu ndi ziwiri, pobwerera, ndi zaka zonse zonyamula mbatata kuno ku Tete, kansaluko sikanachoke. Kakatha ankangowonjezera kena pamwamba.

"Zala zake zinadinda pamenepo," anatero. "Zinayi. Ukaika dzanja umazipeza. Nkhope yake pa chithunzi sindingaione, Nércia. Koma paja ndikhoza kugwira."

"Kalipo, Ababa," ndinatero.

"Ubwere nacho tsiku lomaliza. Ndikachigwira lero ntchito iima."

Zovala za amayi zinali zitagawidwa kwa abale, ine ndinalandira kapulana imodzi yobiriwira. Ndinang'amba m'mphepete mwake. Ndinaiviika mu oleyu wakale wa injini, ndinaipaka fumbi, ndinaikulunga pa chitsulo n'kumanga mfundo. Tsiku lililonse ndinkachiika padenga kuti chipse ndi dzuwa, ndipo abambo akagona masana ndinkachifinya ndi dzanja mpaka zala kuchita dzanzi. Kusukulu anandiphunzitsa kuti mwala umafuna zaka zingati kuti ulimbe. Ine ndinkafuna zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu zilowe mu nsanza pa masiku asanu ndi anayi.

Injini inalira kutatsala tsiku limodzi. Tinasakaniza gazolina ndi oleyu m'botolo, abambo akumvera kulemera kwake m'dzanja. Ndinaponda kasanu ndi kawiri, osayankha. Anandiuza nditulutse vela, pulagi ya moto ija, anaipukuta pa malaya awo, anaiuzira, ndinaibwezera. Nditapondanso inatsokomola, kenako inalira, pang-pang-pang, utsi wabuluu kudzaza garaje. Nkhuku za aneba zinathawa. Abambo anaika dzanja pa thanki n'kuseka mpaka kutsokomola nawo, kuseka koyamba chichitikire maliro.

"Wamumva mkazi mnzake wa amako? Mawu sanasinthe!"

Madzulo ndinazungulira nayo bairro, dera lathu lija, katatu kuti tizolowerane, chifukwa ku Beira ndinaphunzirira pa timota ta masiku ano topepuka. Nditabwerako ndinamanga chitsulo chija ndekha.

M'mawa mwake ndinatulutsa Jawa pabwalo, tinapita ku Misa wapansi, poti tchalitchi chili pafupi. Tinabwerako cha m'ma onze, 11 koloko, dzuwa la ku Tete litafika pomwe limasiya nthabwala. Amayi aakulu ndi abale ena anatsogola pa chapa ndi maluwa. Ndinaliza injini. Abambo, atavala jekete lawo lakuda, anapapasa mpando, nakwera kumbuyo komwe sanakhalepo moyo wawo wonse. Anatambasula dzanja kufuna chitsulo.

Ndinkawaona pa kalilole. Zala zinayenda pa nsanza ija pang'onopang'ono, kuchokera kumapeto mpaka ku mfundo. Zinabwereranso. Kenako anapapasa mbali inayo, pomwe panalibe kanthu.

"Zimitsa."

Ndinazimitsa.

"Amako anali amanzere," anatero. "Ankagwira mbali iyi."

Ndinali nditakulunga kumanja. Chitsulocho chikakhala m'manja mbali zake zimafanana, ndipo tsiku lomwe ndinkadula sindinayang'ane.

"Kakale kaja kali kuti?"

"Kanapsa, Ababa. Tsiku losesa."

"A Luzia?"

Zikanakhala zosavuta kungoti inde. Amayi aakulu anali kale pa buriji, ndipo abambo sanawakondepo kwenikweni.

"Ine. Ndinadula ndi mpeni. Ndinkaona ngati ndi litsiro."

Ndinkafuna andikalipire monga ankachitira ndikawapatsa doze m'malo mwa treze. Iwo anangoyamba kumasula mfundo ndi zikhadabo, mosathamanga, ngati akumasula bandeji pa bala la mwana.

"Iyi ndi ya amako?"

"Yobiriwira ija."

"Ya Pasaka," anatero. Anaipinda kanayi, ndi oleyu wake yemweyo, naiika m'thumba la jekete. "Linalidi litsiro, mwanawe. Sunaname pamenepo. Tiye, anthu akudikira."

"Mundigwire m'mapewa, Ababa. Chitsulocho chakhala padzuwa."

"Tiye."

Tinatsika msewu wa fumbi, tinalowa pa phula, tinakwera buriji pakati pa machapa ndi anthu a njinga. Jawa inkakoka bwino kuposa mmene ndinkayembekezera. Bambo wina wachikulire woyenda pansi anaima n'kuiloza, akumwetulira. Zambezi anali pansi pathu, wotakata, osasamala za aliyense. Paulendo wonse sindinamve dzanja lawo pamsana panga. Pa kalilole ndinkaona mkono wamanzere utapita kumbuyo, osasuntha.

Pachipata cha manda ndinaimika mota n'kuwathandiza kutsika. Nditagwira dzanja lawo lamanzere anachita tsinya. Chikhatho chinali chofiira, mzere wa chitsulo utadutsa pakati, khungu litayamba kutukuka.

"Ndinkadziwa kuti chimatentha," anatero. "Sindinkadziwa kuti chimatentha chonchi."

Amayi aakulu anatiitana kuchokera pakati pa mitanda kuti tifulumire, maluwa akufota. Abambo anandipatsa dzanja lamanja kuti ndiwatsogolere. Lamanzere analisunga pachifuwa, chofumbata.