Galimoto Yosambitsidwa

Galimoto ya Zakeyu inali yamwano kuyambira kale, koma mmawa umenewo inachita kunyanya. Munthu anapukusa handulo yolizira injini mpaka phewa kuwawa, injini n'kungoti khu-khu, kenaka zii. Anapukusanso. Zii.

Kunali kuzizira kwa mwezi wa Juni, ndipo Zakeyu anali atatopa mpaka m'mafupa. Dzulo lake anapita ku Mlolo kukatenga mtembo wa amalume a mkazi wake, kubwera nawo kuno kwa Zingalume, n'kukagwiranso khasu kumanda. Mkamwini wokhala ndi galimoto, ha, sapuma ayi. Anaigula yothaitha ku Kabwe atasiya ntchito ya mumgodi, ati azidya nayo bwino, koma inasanduka ngolo ya mudzi wonse.

Lero tsono ulendo unali wake. Mwana wake Idesi anali atatentha thupi chiyambire maliro aja, ndipo kutacha khosi linauma, maso akungotembenuka. Chipatala cha kumishoni chinali kutali, panjinga sakanafika naye wamoyo.

"Atate ake Idesi, kodi ilira?" anafunsa mkazi wake Mailesi ali pakhonde, mwana ali pamiyendo.

"Ilira," anatero Zakeyu, koma mantha anali atamugwira kale.

Anaviika kamtengo m'thanki, petulo analimo. Analiza hutala, n'kumveka bwinobwino, ndiye kuti batire linalibe mlandu. Anatsegula boneti, anamasula pulagi imodzi n'kuigoneka pachitsulo cha injini.

"Make mwana, tabwerani muyang'ane apa. Ndikapukusa mundiuze ngati pathetheka kamoto."

Anapukusa ndi mphamvu zimene zinatsala.

"Palibe," anatero Mailesi.

Apo m'pamene Zakeyu anaona chimene maso atulo aja anaphonya. Injini yake, imene inkakhala ili mbuu ndi fumbi chaka chonse, inali yoyera ngati mbale yotsuka. Anavundukula kachipewa kakuda kamene mumachokera mawaya opita kumapulagi. Mkati munali chinyontho chokhachokha, ndi tizidutswa ta masamba osinja. Ananunkhiza chala. Mankhwala!

"Ndani wagwira galimotoyi?"

Mailesi anazyolika. "Ndi amayi. Aisambitsa mbandakucha. Akuti mwana wodwala sangakwere galimoto yoti yanyamula maliro isanasambe, imfa ingamutsate."

Apongozi akewo, aNambewe, anali atakhala kuseri kwa nkhokwe, msana atalozetsa kuno, monga mwa mwambo. Chikwatirireni Zakeyu pamudzipo, awiriwa anali asanayang'anepo kumaso. Akakumana panjira wina ankapatukira kutchire, ndipo mawu onse ankadzera mwa Mailesi. Zakeyu anakwiya, koma akanakalipira ndani? Mayi wokalambayo anali atapita yekha kudambo ndi chisanu chonsecho kukatunga madzi, zonsezo pofuna mdzukulu yemweyo.

Anangopuma mozama n'kukapala makala paphale. Analiika patali ndi galimoto kuopa petulo, anawamba nsanza mpaka itenthe, n'kuyamba kupukuta. Kachipewa kaja, mawaya, limodzilimodzi. Mapulagi onse anawamasula n'kuwagoneka paphulusa lofunda. Ntchito yake ndi yosafuna phuma, ukasiya dontho limodzi wabwerera poyambira. Ndiye taganizani, zala zachita dzanzi, dzuwa likukwera, ndipo kumbuyo kwako mwana wasiya ndi kubuula komwe.

"Akupuma?" anafunsa osatembenuka.

"Pang'onopang'ono."

Anabwezera zonse m'malo mwake n'kugwiranso handulo. Injini inatsokomola. Anapukusanso, handulo inabweza n'kumumenya pamkono, iye osamva n'komwe. Kenaka inagwira, phu-phu-phu, utsi wakuda tolo, galimoto yonse ikunjenjemera. Nkhuku zinabalalika.

"Kwerani msanga!"

Mailesi anali ataponda kale mwendo umodzi pakhomo la galimoto pamene aNambewe anatulukira ndi mphika m'manja. Anaima kutsogolo kwa galimoto, nkhope atayang'ana kumbali, n'kulankhula ndi mwana wawo.

"Mailesi, uwauze bambowo atsegulenso chitseko cha injinicho. Utsi wakudawo ndiye imfayo, sinatuluke yonse. Madzi alipo otsala."

"Amayi, chonde, madziwo ndi amene anaipha galimotoyi!"

"Ndaika mlongo wanga dzulo. Sindifuna kuikanso wina," anatero aNambewe, ndipo sanasunthe.

Zakeyu anayang'ana mphikawo. Madzi amenewo akangogwera pa injini, basi, galimoto sikanaliranso mpaka masana, ndipo Idesi sakanafika masana. Kumukankha mayiyo sakanatha. Kumutsutsa kudzera mwa Mailesi kukanangodya nthawi. Anali atatopa moti ndi mphamvu zokwiyira zomwe analibe.

Anayenda n'kukagwada pakati pa apongozi akewo ndi galimoto. Anavula chipewa, anakweza maso n'kuwayang'ana kumaso. Mailesi anagwira pakamwa.

"Amayi," anatero Zakeyu, "galimoto yasamba kale, mwaisambitsa bwino. Wosasamba ndine. Mtembo uja ndinaunyamula ndi manja angawa, ndipo ndine ndikhale pafupi ndi mwana njira yonse. Thirani pa ine."

ANambewe anakweza mphika uja. Kenaka anaupendeka. Madzi ozizira aja anatsikira m'mutu, m'khosi, kumsana, mpaka m'nsapato, masamba osinja akumatirira m'tsitsi. Anathira onse, osasiyako ndi dontho lomwe.

Zakeyu anadzuka mano akugundana, anakhala pachiwongolero ali wonyowa choncho n'kulowetsa giya. Galimoto itayamba kusuntha, mayi uja anathamangira pazenera, ndipo ulendo uno sanadzere mwa Mailesi.

"Bambo," anatero, "mukabwere naye wamoyo."