Dzina la Amalume a Pazenera

Ndinalota masana, dzuwa likuswa mtengo, nditangotsamira khoma m'chipinda chathu chomwera tiyi kuchipatala kumene ndimagwira unamwino kuno ku Darwin, m'dziko la Australia. Chitseko cha wodi chinatseguka chokha, ndipo amalume aja amene ankagona pafupi ndi zenera anali khale pabedi lawo, atavala nsapato. Anali atamwalira Lachiwiri.

Amalume amenewa sanali achibale anga ayi. Anali Mwaborijini, mmodzi wa eni nthaka ya kuno, ndipo akuluakulu awo timangowaitana kuti amalume. Miyezi inayi ndinawasamalira mapapo akuwathera, miyezi inayi akundichonderera kuti ndiwathandize kubwerera kwawo, akafere pa dothi lawo. Ine ndi kamwa langali ndinkangoti mawa, mawa, mapepala asainidwe kaye. Atamwalira, mwana wawo Loretta anatipempha kuti dzina lawo lisatchulidwenso, poti kwawo amatero munthu akawasiya. Zinandivuta, ndisaname. Ine ndine wa ku Ntcheu, kumene maliro timalira ndi dzina mpaka mudzi wachitatu umve amene wapita.

"Anamwino," anatero amalume, "mawa lija lafika. Mundiperekeze. Koma mukatchula dzina langa panjira ndidzatembenuka, ndipo ndidzakhala m'makonde a chipatala chino mpaka kalekale."

Tinatuluka. Khonde lonse linali dothi lofiira, ndipo pamene pamakhala chikepe panali nkhalango ya bulugamu. Ndi mitengo yomwe ija timamangira zigafa kwathu, koma kuno ndiye kwawo kwenikweni, ndipo inaima ngati anthu amene sakuopa nkhwangwa ya wina aliyense. Amalume anandiuza kuti ndizigogoda mtengo uliwonse ndi chala, monga ankachitira iwo pofuna mtengo wopangira dijeridu, lipenga lalitali lamtengo limene kwawo amati yidaki. Ndinagogoda. Mitengo yambiri inandiyankha mwaulemu kuti ndipitirire, ikadali yokhuta. Wina wokhotakhota, umene ine sindikanaudula ngakhale wa nkhuni, unalira gu, gu, ngati mbiya yopanda madzi.

Patsinde pake panatuluka chiswe, chili pamzera, nichitipatsa moni. Manyazi anandigwira. Ine ndi uja ndinkathira chiswe madzi owira chifukwa chodya mphuthu ya chitseko cha amayi anga, ndikuchitukwana ndi mayina onse amene ndinkawadziwa. Ndinagwada. Chachikulu cha m'gulumo chinafotokoza kuti chinayamba kudya mtima wa mtengowo tsiku limene amalume anabadwa, chikusiya khungu lokha, ndipo ntchitoyo yatha Lachiwiri. Za madzi owira sichinanene kanthu, ndipo zimenezo zinandipweteka koposa.

Mtengo unagona pansi wokha, nuvula makungwa, ndipo mizere ya dothi loyera, lofiira ndi lachikasu inayamba kuyenda pathupi pake mpaka kumapeto, mtengowo nusanduka lipenga. Amalume anavula nsapato, nazisanja bwinobwino pambali, kenaka analowa kukamwa kwa lipengalo monga mpweya ulowera m'mphuno. Chimene chinatsala kunja ndi kalamba kapulasitiki ka pamkono, kaja timalembapo dzina la wodwala. Kanali katazinga khosi la lipengalo.

Sindinayese n'komwe kuliika pakamwa. Loretta anandiuzapo kuti kwawo chimenechi amaimba ndi amuna, nanga ine mlendo ndikadziyesa yani? Ndinamasula chitenje n'kulibereka kumbuyo. Nditayenda pang'ono ndinamva likupuma pamsana panga. Ndinawerenga mpweya wake, poti ntchito imakhala m'magazi: mapapo onse awiri anali mbee, opanda kakhwiru ngakhale kamodzi. Ndinalira ndi chimwemwe, ndikuyenda.

Dziko linkadutsa lokha pansi pa mapazi anga, matanthwe, udzu wopsa, zulu zazitali kuposa nyumba. Tinafika pamtsinje waukulu wa madzi amchere. Kutsidya kunali anthu ambiri atakhala pansi, atadzola dothi loyera, ndipo mmodzi ankagunditsa timitengo tiwiri, ta, ta, ta, mosafulumira. Tsidya lino panali tebulo loyala nsalu yoyera. Pamenepo panakhala malemu Mayi Chimbalanga, amene anandiphunzitsa unamwino ndili mtsikana, atavala chipewa chawo chositidwa. Mayi amenewa sankaseka ndi munthu. Lamulo lawo linali limodzi: wodwala saperekedwa kwa wina osawerenga dzina lake mokweza, chifukwa munthu si katundu. Zaka makumi awiri ndinali ndisanaliswepo lamulo limenelo.

"Nachanza," anatero, "mukupereka ndani? Werengani."

Dzina linakwera lokha kukhosi ngati ntchirichiri. Si mantha okha amene ankalikankha. Ndinkawakonda amalume aja, ndipo ndinkafuna kuwalira mwa kwathu, ndi dzina lawo, kamodzi kokha, kuti ndipepese chifukwa cha mawa wanga uja. Milomo inatseguka. Pomwepo lipenga linayamba kulemera kumbuyo kwanga, n'kumapotolokera kumene tinachokera, ndipo fungo la mankhwala okolopera m'wodi linafika pamtsinjepo. Kutsidya timitengo tija tinaleka kulira.

Ndinadziluma lilime mpaka magazi. Ndinatulutsa sizasi m'thumba la yunifomu, ndinadula kalambako, n'kukaika patebulo chozondoka.

"Mayi, wodwalayu si wathunso. Eni ake akumudziwa."

Mayi Chimbalanga anandiyang'ana nthawi yaitali, mpaka ndinaona ngati andichotsa ntchito ndili pomwepo. Kenaka anaimirira, nanyamula tebulo lawo okha, nalichotsa panjira.

Bambo wina wa imvi zochepa, mphwake wa amalume amene ankabwera kudzawaona Loweruka lililonse, anawoloka mtsinje madzi akumulekeza m'chiuno. Analandira lipenga ndi manja awiri osandifunsa kanthu. Anakhala pamchenga, naika kukamwa kwa lipengalo pamilomo, nalozetsa kumapeto kwake kutsidya.

Kulira kwake sikunadzere m'makutu. Kunachokera pansi, kunalowa kumapazi, kunakwera m'mafupa mpaka mano anga anayamba kunjenjemera. Kunali kokuya, kolemera, kosaduka. Masaya a bamboyo ankafufuma n'kuphwa, mphuno ikukoka mpweya pamene pakamwa pakutulutsabe, ndipo ine amene ndimadya za kuwerenga mpweya wa anthu sindinapeze pamene wina ukuthera ndi pamene wina ukuyambira. M'kati mwa kulirako munauwa galu, munalira mbalame, munagunda bingu la mvula yoyamba, ndipo zonsezo zinkatuluka n'kupita kumalo kwake. Mtsinje unaima chilili kumvetsera. Matanthwe anayankha ndi mawu omwewo, ndipo ndinazindikira kuti nyimboyo sinayambe lero, dothi lija linkaiimba kale, ife tangofika ili pakati. Ndinachita mantha okoma amene sindinawamvepo ngakhale m'tchalitchi, ndipo ndinapezeka nditagwada.

Amalume anatulukira kutsidya, pamene mawu ankakathera. Ankayenda choongoka, opanda ndodo, opanda botolo la mpweya. Anthu aja anaimirira onse, timitengo tinayambiranso, ndipo amayi okalamba anawagwira kumaso ndi pachifuwa monga tichitira ndi mwana wochokera kutali. Ndinadikira kuti acheuke, andikwezere mkono ngakhale pang'ono. Sanacheuke. Mtima unandipweteka, koma ndinadziwa kuti chimene ndinawaberekera mtunda wonsewo n'chimenecho.

Anandidzutsa ndi Marites, namwino mnzanga wa ku Philippines, akundigwedeza phewa. Tiyi anali atazizira ndipo kumaso kwanga kunali konyowa. Anandifunsa kuti ndikulira ndani.

Dzina linafikanso pa lilime, lathunthu, lotentha. Ndinalimeza. Ndinamuuza kuti ndi munthu wina amene wafika kwawo mochedwa chifukwa cha ine, koma wafika.