Masamba Pamsewu wa ku Dambo

Ine Malita si munthu wandewu, kafunseni aliyense ku Nsaru. Koma titamva kuti dambo lathu lagulidwa ndi bwana wina wa m'tauni, ndipo thirakitala ibwera Lolemba kudzagalauza madimba, mtima unandiwira. Ana anga anayi amadya za m'dimbamo, bambo awo anatisiya kalekale.

Kuboma tinakadandaula kawiri, akuti tidikire. Tidikire chiyani, thirakitala ili kale pa Kabudula?

Ndiye ndinauza amayi anzanga kuti tiyale masamba pamsewu ngati pagwa maliro. Kwathu kuno ngakhale chidakwa chimatsika panjinga chikaona masamba. Tinathyola nthambi, kuyala, n'kukhala pansi tilipo khumi ndi awiri, opanda ndi mwala womwe m'manja.

Thirakitala inafika n'kuima. Woyendetsa, a Alufeyo, anazimitsa injini n'kuvula chipewa.

"Pepani amayi, watisiya ndani?"

"Palibe, bambo," ndinayankha. "Koma mukadutsa pano, maliro ake akhala a ana anga."

Anayang'ana pansi, n'kubwerera. Lachiwiri kunabwera apolisi kudzatikalipira, ife osasuntha, kumangoimba nyimbo za pamaliro mpaka anatopa okha.

Lachitatu mwana wa Thokozile, mmodzi mwa ife, anagwidwa ndi malungo, thupi ngati moto. Basi mudzi wonse pakamwa yaviyavi, eti masamba abodza aitana imfa, Malita waputa tsoka. Malungo ayamba lero kodi? Thokozile anandipeza pamjigo, maso ali psuu.

"A Malita, mwana wangayu akafa mudzandiuza chiyani?"

Ndisaname, nanenso mantha anandigwira.

Lachinayi masamba ndinayala ndekha, anzanga onse ataopa tsoka lija. Ndinakhala pakati pamsewu, miyendo tambalale, dzuwa likundiswa mutu. A Alufeyo anafika, kuima, kuvula chipewa. Kapitawo wa bwana uja, amene anakwera nawo tsikulo, anawalozera kumanzere.

"Masamba sindiponda, amayi," anatero a Alufeyo osandiyang'ana. "Koma nanenso ndili ndi ana."

Anakhotera m'munda wokolola kale wa m'mbali mwa msewu, pampata poti amayi awiri okha akanatseka, n'kuzungulira kumbuyo kwanga. Ndinamva makasu a thirakitala akulowa m'nthaka yonyowa. Kenako mphepo inabwera ndi fungo la anyezi wanga, wosakhwima n'komwe.

Sindinatembenuke.