Kamwana ka Mbawala M'khitchini mwa Otilia

Kamwana ka mbawala kaja kanakana phala, kanakana mkaka wa mbuzi, ngakhale madzi omwe. Otilia anakatola m'mawa akupalira mapira kumunda kwake ku Kasisi. Kanali katagona phee mu udzu, kokhakokha, ndipo iye anaganiza kuti make wakodwa mumsampha. Chisoni chitamugwira, anakakulunga m'chitenje n'kupita nako kunyumba. Tsopano dzuwa linali litapendeka, kamwanako kakupuma mofulumira pakona ya khitchini, ndipo Otilia ankaona kuti kamufera m'manja.

Mwamuna wake Sebastiano ataona kuti zavuta, anakaitana a Fanizo oyandikana nawo nyumba. Otilia nkhope inagwa. A Fanizo kale ankadziwika mudzi wonse ndi misampha. Masiku ano ali m'komiti yoteteza zachilengedwe, koma kwa Otilia, chipewa cha komiti sichichotsa nkhuli.

"Mayi a Estere, kameneka si kamasiye," anatero a Fanizo kwa Otilia atakayang'ana. "Mvula ikagwa nyama zambiri zimaswa. Mbawala imabisa mwana mu udzu, iyo n'kukadya patali kuti afisi ndi agalu asamuone. Imabwera yokha kudzamuyamwitsa. Kabwezeni pomwe munakapeza, lero lomwe."

"Ndikabweze kuti mukakatole inu? Nkhabe, sinditero! Ndiwo zatha kwanuko eti?"

"Iwe Otilia, ulemu!" anatero Sebastiano.

A Fanizo sanakwiye. "Ngati mukundikayikira, tiyeni limodzi. Mukakhale pambali panga."

Otilia analola, koma anayamba waika malamulo ake. Galu wa a Fanizo amangidwe pamtengo. Chikwanje chitsale. Matumba a malaya awatembenuze, aone ngati mulibe waya. Sebastiano anachita manyazi, koma a Fanizo anatembenuza matumbawo akuseka. Munatuluka kachidutswa ka fodya basi.

Atafika kumunda, Otilia anakagoneka pomwe paja udzu unali utagwa. A Fanizo anawaza dothi m'mwamba kuti aone kolowera mphepo, n'kumutengera Otilia kuseri kwa chulu kumene fungo lawo silikanafika kwa nyamayo. Otilia mtima unamuuza kuti nzeru zimenezi n'za mlenje. Diso limodzi linali pa udzu, linalo pa manja a a Fanizo.

Anadikira mpaka miyendo inachita dzanzi, udzudzu ukuwaluma.

"Mwandinamiza," ananong'ona Otilia. "Kakafa, mlandu ndi wanu."

"Khalani chete. Taonani uko."

Mbawala yaikazi inatuluka m'tchire ikuimaima, makutu ali tcheru. Kamwana kaja, kamene tsiku lonse kanali lefu, kanadzuka miyendo ikunjenjemera. Kanalowetsa mutu kumimba kwa make n'kuyamba kuyamwa, kamchira kakugwedezeka. Otilia misozi inalengeza m'maso. Anakondwa, komanso anachita mantha pozindikira kuti amene anatsala pang'ono kukapha sanali a Fanizo.

"Takhuta, a Fanizo," anathokoza motero motsitsa mawu. "Ine ndimayesa ndikukapulumutsa."

"Ambiri timayesa choncho, mayi. Tiyeni tizipita, tizisiye zokha."

Mukapeza mwana wa nyama yakutchire ali yekha, musamutole, pakuti make amakhala ali pafupi. Chokanipo mwakachetechete ndipo mangani agalu anu. Ngati wavulala, uzani a komiti kapena alonda a nyama zakutchire. Ngati sanavulale, kumusiya pomwepo ndiko kumuthandiza.