Tsiku Limene Jeke Anakaniza Ambulansi

Foni inamupeza telala ali ndi mapini kukamwa, akuyeza diresi la kasitomala. Oimbawo anali a Girisi, makaniko wamkulu wa pa galaja ya bambo ake, ndipo sanapereke ndi moni womwe. Anangoti athamange, abwana agwa pabwalo la galaja, ambulansi yafika koma palibe angalowe chifukwa cha Jeke.

Jeke anali galu wa bambo akewo, rotiweila wakuda bii, wa timadontho tofiirira pamwamba pa maso, wolemera kuposa telalayo. Dzinalo analipeza ali wamng'ono, tsiku lina atakwawira pansi pa benchi n'kulitukula ndi msana ngati jeke wa galimoto, masipanala onse mbwee. Ntchito yake inali kulondera galimoto za anthu galaja ikatsekedwa. M'mawa uliwonse bambowo ankalowa okha, kumutsekera m'khola, kenako n'kutsegulira antchito. Tsiku limenelo anagwa asanamutsekere.

Telala anapeza anthu ataunjikana pa geti. Kudzera m'mipata ya zitsulo anaona bambo ake atagona chammbali pa simenti, pakati pa mulu wa matayala ndi galimoto yotsegula boneti, mpukutu wa makiyi uli pafupi ndi dzanja lawo. Jeke anaima pamwamba pawo, miyendo yakutsogolo uku ndi uku kwa chifuwa. Sankauwa. Ankangotsatira ndi maso aliyense wokhudza geti.

Namwino wa mu ambulansi anamukokera pambali n'kumuuza kuti bambowo akupuma, koma kamwa lapindikira mbali imodzi, zikuoneka ngati sitiroko, ndipo matenda amenewa safuna kuchedwa. A Girisi anali atayesa kale kulowa. Anamuonetsa mwendo wa ovolosi utang'ambika mpaka m'bondo, akudandaula kuti zaka zisanu ndi ziwiri pa galaja imeneyi galu sanawawerengere n'komwe. Wina anali ataponya nthuli ya nyama, koma inali pomwe inagwerapo, ntchentche zikuizungulira. Jeke anaphunzitsidwa kusadya chochokera kwa mlendo, poti akuba amathira poizoni.

Wapolisi amene anabwera ndi mfuti sanabise. Anati kuwombera angathe, koma galu ali pamwamba pa munthu, pansi ndi pa simenti, chipolopolo chitha kunjanja. Anapereka mphindi zisanu, zikatha akwera pampanda ayese mwayi.

A Girisi anali ndi nambala ya mphunzitsi wa agalu amene anagulitsa Jeke. Mkuluyo anali kutali, ulendo wa maola atatu. Telala anakweza mawu a foni kuti onse amve. Wapolisi anafunsa ngati munthu atathamanga m'mbali mwa mpanda galuyo sangamutsatire.

"Akanakhala galu wosaka, wa miyendo italiitali uja, bwenzi atatsatira ngakhale pepala louluka," anatero mphunzitsi. "Uyu ayi. Makolo ake ankakusa ng'ombe ndi kulondera katundu. Akaima pa chinthu waima. Mukamachuluka pa getipo ndi pamene akuona kuti mwabwera kudzalanda."

Analamula kuti anthu achoke, ambulansi izimitse injini, kenako anafunsa ngati pali wa m'banja. Telala anati ndi iyeyo, mwana wawo, koma amachita naye mantha galuyo, sanamukhudzepo chibadwire. Akabwera kudzasiya maovolosi amene wasoka zigamba amaimira panja.

"Ndiye kuti zovala za mbuye wake zimanunkhira manja anu. Amakudziwani kuposa mmene mukuganizira, mayi. Koma sindikukulonjezani kanthu."

Anamuuza kuti ayende chammbali, manja ali pansi, osamuyang'ana m'maso, osathamanga, osaweramira pa bambowo. Ayankhule motsitsa, mawu omwe bambo ake amanena pomutsekera. Ndipo galuyo akamugwira asakoke. Agalu amenewa amagwira n'kusunga, chimene chimang'amba mnofu ndi kukoka kwa wogwidwayo.

Telala anavula tepi yoyezera imene inali idakali m'khosi, n'kupatsa a Girisi. Geti linalira potseguka, ndipo analimva likutsekedwa kumbuyo kwake.

Kuchokera pa geti kufika pa matayala panali mapazi osapitirira makumi awiri. Anayang'ana madontho a oyilo pa simenti, akuponda limodzi limodzi. Atafika pakati, kulira kwa Jeke kunayamba, kwapansipansi, ngati injini ya lole ili m'malo. Ankakumva m'mimba kuposa m'makutu.

"Jeke, khola," anatero. Mawu anatuluka opyapyala, osafanana ndi a bambo ake.

Galuyo sanasunthe. Telala anasenderabe mpaka anayamba kumva fungo lake ndi kupuma kolemera kwa bambo ake. Diso lawo limodzi linali lotsegula, likumuyang'ana. Apa ndi pamene anakumbukira kuti bambowo akamapita ku khola amayenda akuliza makiyi. Mpukutu uja unali pafupi ndi phazi lake. Anaiwala zimene anauzidwa, anawerama.

Sanaone n'komwe mmene galuyo anadumphira. Anangozindikira mkono wake uli m'kamwa motentha, mano atalowa pang'ono n'kuima. Thupi lonse linkamuuza kuti akoke. Kumpanda kunamveka chitsulo cha mfuti.

"Musawombere," anatero osatembenuka. "Chonde, bwana, musawombere."

Anakhala choweramira choncho, magazi akutsikira ku zala, makiyi ali m'manja. Malovu a galu ankamunyowetsa mpaka m'chigongono. Sanadziwe kuti panapita nthawi yotani. Kenako anaona dzanja lamanzere la bambo ake likukwawa pa simenti ngati la munthu wofufuza chinthu mumdima. Linapeza mwendo wa Jeke, linaugwira, linausisita kawiri. M'kamwa mopindika muja munatuluka kaphokoso kosamveka, mwina ankati khola, mwina ankatchula mwana wawo.

Nsagwada zinamasuka. Telala anaweramuka pang'onopang'ono, analiza makiyi, n'kuyamba kuyenda kulowera ku khola kuseri kwa ofesi, osacheuka. Kumbuyo kunali zii. Analizanso. Ndipo anamva zikhadabo pa simenti, zinabwera, zinaima, zinabwerera kwa bambo aja. Anafika pa khola yekha, anatsegula chitseko, n'kuima chammbali akuliza makiyi. Jeke anatulukira mutu uli pansi. Anamudutsa, nthiti zikukhudza siketi yake, n'kulowa. Telala anakankha loko, kenako anakhala pansi pomwepo.

Machira analowa chothamanga. Ambulansi ikutuluka, Jeke anayamba kuuwa koyamba m'mawa wonsewo, akudziwombetsa ku waya.

Kuchipatala dokotala anati akanachedwa pang'ono nkhani ikanakhala ina. Bambowo anapulumuka, ngakhale dzanja lamanja linafooka ndipo mawu anabwerera mwapang'onopang'ono, patapita milungu. Mkono wa telala anausoka malo anayi. Atayang'ana ulusiwo, telalayo anauza namwino kuti wophunzira wake atasoka chonchi angamuphwasulitse, ndipo namwinoyo anati abwere mawa adzawaphunzitse.

Mchimwene wake, amene amakhala kunja, anaimba madzulo n'kunena kuti galuyo abayidwe jakisoni afe, waluma mwana wa mwini wake. Telala anamuyankha kuti adikire bambo ayambe kuyankhula, adzawauze yekha zimenezo. Mchimweneyo sanaibwerezenso nkhaniyo.

Galaja sikanatha kukhala yopanda mlonda, ndipo a Girisi anakanitsitsa kuyandikira khola. Choncho telala ndi amene anayamba kumamasula Jeke antchito akaweruka ndi kudzamutsekera m'mawa. Masiku awiri oyamba galuyo sanadye, mbale inkabwerera momwe yapitira. Mphunzitsi anati amusiye, asamunyengerere, adya yekha. Tsiku lachitatu telala anapeza mbale ili mbee, itagubuduzidwira pakona. Anaitsuka pampopi wotsukira galimoto, bandeji ataikweza m'mwamba kuti isanyowe, kenako anatsegulira amakaniko n'kuthamangira ku shopu, kumene mwini diresi lija anali akudikira pakhomo.