Timadontho Tiwiri ta Lachisanu

"Mayi a Bilal, tiyi wanu wazizira kalekale. Pakompyutapo pali filimu yanji?"

Nasima anadzidzimuka n'kutembenuzira kompyuta kukhoma. Wofunsayo anali Chisoni, mayi woyeza matumba pasikelo ya depoti, amene anaima pakhomo la ofesi akukutumula fumbi la nandolo pachitenje.

"Ndi ntchito," anayankha Nasima.

"Ntchito yomangitsa tsinya chonchi? Ine ndimayesa amuna anu asowa pamapu."

Nasima anamwetulira pang'ono kuti mnzakeyo achoke. Mumtima anati bola akanasowa.

Kampani yawo inkagula nandolo ndi thonje kwa alimi. Likulu linali ku Chileka, depoti ku Lirangwe. Alangizi onse oyenda m'midzi anapatsidwa mafoni a kampani, ndipo mafoniwo, pamodzi ndi makompyuta a m'maofesi, ankamvera pulogalamu imodzi imene inali m'manja mwa Nasima. Ali pampando pomwepo ankatha kuika kapena kuchotsa chinthu m'foni ya munthu amene ali ku Madziabango. Foni ikabedwa ankaikiya, kulemba uthenga pagalasi lake, n'kuiliza mpaka wakubayo aitaye. Munalinso mapu, pomwe foni iliyonse inkaoneka ngati kadontho kobiriwira, dzina la mwini wake pambali.

Poyamba mapuwo ankawatsegula pokhapokha a Lyford, bwana wa ku Chileka, akafunsa. Koma tsiku lina maso ake anagwera pa kadontho ka Salumu, mwamuna wake, amene anali mlangizi wa dera la Mdeka. Linali Lachisanu masana. Kadonthoko kanali kataima kuseri kwa msika wa Mdeka, ndipo pambali pake, mochita kugundana, panali kena kolembedwa kuti Emily.

Emily anali mlangizi mnzake wa Salumu, mayi wamtali, woseka mokweza, woyendetsa njinga yamoto atavala buluku kunsi kwa chitenje. Mwamuna wake, Solomon, anali mmisiri womanga nyumba m'tauni ndipo ankabwera kumudzi Loweruka lokha. Pomwe panaima timadonthoto panali panyumba pa Emily.

Lachisanu lotsatira zinali chimodzimodzi. Linzakenso chimodzimodzi. Dzuwa likafika paliwombo timadontho tiwirito tinkakumana, n'kukhala osasuntha mpaka nthawi ya nkhomaliro itapitirira.

Chomwe chinkamupweteka kwambiri Nasima inali nthawiyo. Lachisanu lililonse m'mawa ankasita yekha mkanjo woyera wa Salumu, kuupinda bwinobwino n'kuuika m'chikwama pamodzi ndi chisoti, kuti mwamuna wake akavale popita kumzikiti. Mzikitiwo unkaoneka pamapu, tsidya lina la msewu wa tala. Kadontho ka Salumu sikanawolokepo msewuwo.

Anakumbukiranso nkhani ina. Miyezi ingapo m'mbuyomo a Lyford anadandaula kuti alangizi sayankha mafoni, amanamizira kuti sanamve. Nasima anakonza zoti foni iliyonse isamatheke kuitontholetsa kapena kuichepetsa mawu. Munthu akaizimitsa, ku Chileka ankadziwa nthawi yomweyo. Anawonjezanso lamulo loti foni ya kampani isachoke m'manja mwa mwini wake. A Lyford anamuyamikira pamsonkhano. Patangopita masiku ochepa, Salumu anamupeza akusambitsa mwana kuseri kwa nyumba.

"Mayi a Bilal, tanditsegulireniko foniyi kuti izitha kukhala chete. Ikundichititsa manyazi."

"Ndikatsegulira inu, anzanu ati chiyani? Si ati poti ndi mwamuna wake?" anayankha Nasima osacheuka, akutsuka mwana m'makutu.

Salumu sanabwerezenso. Panthawiyo Nasima sanaganizepo kanthu. Tsopano mawu aja anamubwerera ali ndi minga. Kani ankafuna foni yachete kuti isawasokoneze?

Kufunsa mwachindunji sakanatha. Anali munthu wosunga zinthu m'mimba chiyambire ali mwana, komanso akanayamba bwanji osaulula kuti wakhala akumulondola? Choncho ankangozungulira.

"Kumzikiti kunali bwanji lero?"

"Kunali bwino. Shehe amakamba za kupirira."

"Anthu anadzaza?"

"Mpaka ena panja. Ine ndinafulumira, ndinapeza malo kutsogolo."

Nasima ankamuyang'anitsitsa pakamwa. Munthuyo sankaphethira n'komwe, ankangopitiriza kusenda chinangwa chake. Ndiye kuti bodza analizolowera chonchi?

Lachisanu limeneli Chisoni sanachoke msanga. Anakhala pa thumba la mbewu n'kutenga tiyi wozizira uja, kumwa yekha.

"Emily anabwera dzana kudzasiya thonje," anatero. "Akuti amuna anu ndi munthu mmodzi waulemu. Koma pa chigumu ndiye ulemu umatha. Akuti akachiona amaiwala ndi dzina lawo lomwe."

"Chigumu cha ndani?"

"Cha Emily, nanga cha ndani? Mayi uja amatha kuphika, tisanamizane. Inu muzingokhalira mabataniwo, anzanu akudyetserani."

Chisoni anaseka n'kutuluka, poti panja panafika ngolo ya nandolo. Iye ankangocheza. Koma Nasima anakumbukira chigumu chokulunga m'pepala chimene Salumu ankabwera nacho masiku ena, chimene Bilal ankachilandira akuvina. Iye mwini anadyako, n'kuyamikira kuti nthochi zake zinali zakupsa bwino.

Anatembenuza kompyuta. Timadontho tija tinali titakumana kale.

Manja ake anachita zinthu mofulumira kuposa mutu. Anasankha foni ya Salumu, n'kutsegula pamene amatsegula foni ikabedwa. Pamalo olemba uthenga analemba kuti: "Emily, mwamuna ali m'nyumba mwakoyo ndi wanga. Za Lachisanu lililonse ndikuzidziwa." Anasankha kuti foniyo ilire osaleka. Anadina.

Kwa kanthawi anamva kukoma. M'maganizo mwake anawaona awiriwo akudzambatuka, akulimbana ndi foni yosatontholeka, akuwerenga mawu ake. Anatsamira kumpando.

Kenaka kadontho ka Salumu kanayamba kuyenda. Kanatuluka panyumba paja, kudutsa pakati pa msika, kulunjika kumsewu wa tala. Ka Emily kanatsala pomwepo. Nasima akadali kudabwa, foni ya paofesi inalira.

"Mayi a Bilal! Mwandichita chiyani ine?" Anali Emily. "Zimitsani chinthuchi, chonde zimitsani!"

"Apatseni a Salumu ndilankhule nawo."

"Ndiwatenge kuti? A Salumu ali kumzikiti! Foni atenga ndi a Solomon. Abwera lero, kuntchito kwawo simenti yatha. Amadya, foni n'kuyamba kukuwa pakabati. Awerenga zonse. Akupita nayo kumzikiti komweko."

"Foni ya a Salumu imatani pakabati panu?"

"Amandisiyira Lachisanu lililonse! Nanga alowe nayo? Inalirapo anthu ali pakati pa swala, shehe anawadzudzula pamaso pa gulu. Kuizimitsa sangathe, kuisiya panjinga aba. Amaisiya kuno, kuvala mkanjo wawo kuseri, n'kuwoloka msewu. Inu simumadziwa zimenezi?"

Nasima anagwetsa foni ya paofesi ija patebulo n'kudina poletsa kulira. Pakompyuta panabwera kamkombero kozungulira. Netiweki ya ku Mdeka inali itayamba zake zija. Anadinanso, n'kudinanso. Kamkombero kanangozungulirabe, ndipo iye anaonerera kadontho ka mwamuna wake kakuwoloka msewu wa tala kwa nthawi yoyamba, mpaka kukaima pakhomo pa mzikiti.

Anatseka ofesi osatsanzika Chisoni, n'kukwera minibasi yoyamba imene inaima.

Atafika kwa Emily anapeza anthu ali m'magulumagulu kunja kwa mpanda, ena atanyamula ndiwo zomwe anagula pamsika. Atamuona anamupatukira njira, ndipo wina ananong'ona mokweza kuti, "Ndi amenewa a kompyuta aja." Pakhonde panakhala Solomon, chikwama chake cha zovala chili pamiyendo. Emily anakhala pansi pafupi ndi mayi ake, maso ali psuu. Salumu anaima payekha pansi pa mtengo wa mango, atavala mkanjo womwe Nasima anasita m'mawa, kolala itang'ambika mbali imodzi. Foni inali pampando pakati pa bwalo. Inali itatonthola, koma mawu aja anali akadali pagalasi.

Nasima anagwada chapatali ndi Solomon. Mawu anatuluka ochepa, ngati a mwana wa sukulu.

"Bambo, uthengawo ndalemba ndine. Akazi anu sanalakwe. Ndalakwa ndine."

"Mayi, inu si amene mumaona zonse pakompyuta?" anafunsa Solomon. Sanakweze mawu. "Mwalemba kuti mukudziwa. Munthu wa makina akati akudziwa, ife omanga njerwa titsutse chiyani?"

"Ndimaona pomwe pali foni. Pomwe pali munthu sindiona."

"Ndiye bwanji simunalembe choncho?"



"Ine ndalowa m'nyumba yopemphereramo eni ake ndi nsapato, chinthu chikukuwa m'manja," anapitiriza Solomon. "Ndamukoka munthu pamzere wakutsogolo, pamaso pa akuluakulu. Onse aja achitira umboni kuti sajomba, Lachisanu lililonse amakhala pomwepo. Chabwino, ndamva. Koma Mdeka yense wandiona. Mawa ndikadutsa pamsika azinena kuti chiyani?" Anatembenukira kwa mkazi wake. "Ndipo iwe, katundu wa mwamuna wa eni azigona pakabati panga miyezi yonseyi, ine osadziwa?"

"Ndinaona ngati n'zazing'ono," anatero Emily.

"Zazing'ono zakezo ukafotokozere ankhoswe."

Anaimirira, kukoleka chikwama paphewa, n'kutuluka. Apongozi ake anamuitana kawiri, koma sanacheuke.

Nasima anasendera kwa Emily. Asanatsegule pakamwa, Emily anakweza dzanja.

"Dzana ndinali pa ofesi panu. Munandipatsa mpando, munandifunsa za ana. Mukanandifunsa pomwepo, mayi a Bilal. Ndikanakusekani, tikanaseka tonse. Pitani, ndatopa."

Pobwerera ku Lirangwe anakwera njinga yamoto ya Salumu. Nasima anagwira chitsulo chakumbuyo m'malo mogwira m'chiuno mwa mwamuna wake monga ankachitira. Sanalankhulane mpaka pamene Salumu anaimitsa njinga pageti la depoti n'kuzimitsa injini.

"Bwanji simunandiuze?" anafunsa Nasima atatsika.

"Ndinakupemphani. Munati anthu ati chiyani."

"Koma zoti mukusiya foni kwa Emily."

"Lamulo loletsa zimenezo munalemba ndinu. Ndikanauza ndani, mkazi wanga kapena mlonda wa mafoni a kampani?" Salumu anavula chisoti cha panjinga n'kuchiyang'ana mkati. "Mwakhala mukundilondola kuyambira liti?"



"Ndiye pondifunsa paja kuti kumzikiti kunali bwanji," anatero Salumu pang'onopang'ono, "mumandiyesa."

Analiza njinga n'kupita kukatenga mwana kwa agogo ake.

Lolemba m'mawa Nasima anapita yekha ku Chileka asanaitanidwe. Ankadziwa kuti pulogalamuyo imasunga dzina la aliyense amene watumiza lamulo, koma sanadikire kuti a Lyford akafufuze. Anafotokoza zonse ataimirira. Ndege inadutsa pamwamba pa denga, ndipo onse awiri anadikira kuti phokoso lithe.

"Ndikanakhala wina ndikanakuchotsani lero lomwe," anatero a Lyford. "Mulandira chenjezo lomaliza. Ndipo Emily wapempha kuti timusamutsire ku Madziabango, akuti ku Mdeka sangayendenso m'midzi. Ndamulola."

"Ndili ndi zopempha ziwiri, bwana."

"Muli ndi nkhope yopempha, inu?"

"Mafoni aziloledwa kukhala chete nthawi ya mapemphero, Lachisanu ndi Lamulungu lomwe. Chinacho, mundichotsere mapu. Zina zonse ndizigwira, koma mapu akhale kwa inu."

A Lyford anakokera kompyuta yawo pafupi n'kumuuza kuti awasonyeze podina.

Lachisanu linafika. Nasima anasoka kolala ija, kusita mkanjo, kuupinda. Salumu anaulandira n'kunena zikomo, ngati mmene munthu amathokozera wogulitsa m'sitolo. Kudepoti Chisoni anagwira ntchito yake pasikelo mwakachetechete, osabwera kudzamwa tiyi. Anangoima pakhomo kamodzi kunena kuti wamva zoti Solomon akadali kwa mchimwene wake ku Ndirande, ndipo ankhoswe akumana mwezi ukatha.

Dzuwa litafika paliwombo, dzanja la Nasima linapita lokha pomwe pankakhala mapu. Kompyuta inamuuza kuti alibe chilolezo. Anakhala akuyang'ana mawuwo, manja ali pamiyendo, mpaka kunja kunamveka ngolo ina ikufika.

Madzulo Salumu anafika dzuwa lisanalowe, wopanda kanthu kokulunga m'pepala. Bilal anamusecha m'matumba, n'kubwerera kukasewera atakhumudwa. Nasima anabweretsa madzi osamba m'manja, n'kugwada.

"Kumzikiti kunali bwanji?"

Salumu anasiya manja ali m'madzi.

"Mukufunsa, kapena mukuyesa?"

"Ndikufunsa."

Salumu anamuyang'ana, kenaka anayang'ana kumbali, kumene mwana ankakoka galimoto yake ya mawaya.

"Ndinafika mochedwa dala," anatero. "Ndinaswalira kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi nsapato."

Nasima anamupatsa kansalu kopukutira m'manja. Analibe mapu oti akatsimikizire. Anakhulupirira.