Magazi Oyera a Pulofesa

Alamu anga ndi pulofesa. Kwa zaka makumi awiri akhala akuphunzitsa chinthu chimodzi: maselo a tiziwalo ta pamwamba pa impso amadikira mchere wa kashiamu ulowe kuti atulutse mahomoni, ndipo mapiritsi ena a bipi amatseka khomo lolowera kashiamuyo. Ngakhale pamaliro amaifotokoza nkhaniyi.

Bipi yawo itavuta, adokotala anakayikira kuti pa tiziwalo tomweto pali chotupa. Anawauza kuti asiye mapiritsi otere, amene anawalembera kale, kwa milungu iwiri asanayezedwe magazi, chifukwa amatha kubisa matenda. Kusiyako sikunavute, pakuti sankamwa n'komwe. Mapiritsi ndi a anthu osaphunzira.

Zotsatira zinabwera zoyera. Anayala pepalalo patebulo, nakankhira kumbali mbale ya shuga.

"Mwaona, alamu? Thupi la munthu wodziwa limadzilamulira lokha."

Akazi awo, achemwali anga, anawerenga pepalalo.

"Abambo, apa alemba kuti munasiya chiyani?"

"Mapiritsi. Sindinakuuzeni, amayi, ndi nkhani za sayansi."

"Ohoo. Ndiye imvani sayansi ya kukhitchini. Chaka chonsechi ndakhala ndikuwapera ndi supuni n'kukuthirirani mu tiyi. Ngakhale amene mwagwirayo."

Pulofesa anayang'ana kapu, kenako pepala.

Milungu iwiri yotsatira anadzipangira okha tiyi, akumayang'ana kumbuyo. Atayezedwanso, kachotupa kanapezeka, adokotala n'kukachotsa.

Masiku ano amauza ophunzira awo kuti zotsatira zoyambazo anazikayikira okha.